Wapolisi Wodzuka Ngati Sanagwe: Nkhani ya Insipekitala Clouseau

(NYIMBO YOTSEGULIRA PULOGALAMU. ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

  Lero ndikutengerani ku France, ndipo amene tikukacheza naye kumeneko ndi wapolisi wofufuza milandu. Wapolisi ameneyu sanakhalepo ndi moyo weniweni, anabadwira m'mitu ya anthu olemba mafilimu, koma wakhala akuseketsa anthu kwa zaka zoposa 60 tsopano. Dzina lake ndi Insipekitala Jacques Clouseau, ndipo filimu imene tiikhalire pansi ndi ya m'chaka cha 1964, yotchedwa A Shot in the Dark.

Tiyambire pomwe filimuyo yayambira. Ndi usiku, kunja kwa mzinda wa Paris, pa chinyumba cha mpondamatiki wina, Benjamin Ballon. Kamera ili panja, ikusuzumira m'mawindo. Magetsi akuyaka chipinda ichi, akuzima chipinda icho. Amuna ndi akazi, mabwana ndi antchito omwe, akuyenda monyang'ama m'makonde, uyu kulowa kwa uje, uyo kubisala kuseri kwa chitseko kudikira mnzake adutse. Palibe amene wagona pabedi pake m'nyumba imeneyi. Kenaka mfuti ilira.

Wafa ndi dalaivala wa panyumbapo, Miguel. Pambali pa mtembo papezeka mtsikana wantchito, Maria Gambrelli, mfuti ili m'manja, utsi ukufukabe. Iye akuti sakukumbuka kanthu. Aliyense akuona kuti nkhani yatha, kwangotsala kumanga unyolo. Ndiye galimoto ya apolisi ifika n'kuima pabwalo. Chitseko chitseguka, atuluka mwamuna wovala chikhoti chachitali cha mvula, chipewa kumutu, tindevu ta pamlomo tometedwa bwino, nkhope yolemera ya munthu wodziwa ntchito yake. Aponya phazi loyamba, n'kugwera m'dziwe la madzi lokongoletsa pabwalopo, thupi lonse khuvu!

Tsono tcherani khutu apa, chifukwa nkhani yathu yonse yagona pa zimene zikutsatira. Munthuyu atuluka m'madzimo osafuula, osatukwana dalaivala kwa nthawi yaitali, osachita manyazi ooneka. Alowa m'nyumba ya mpondamatiki madzi ali chuchuchu, nsapato zikulira, n'kuyamba kufunsa mafunso ndi ulemerero wonse wa boma la France. Pofunsa Maria uja, amuyatsira ndudu mwaulemu, kenaka aponya choyatsira chija m'thumba la chikhoti chikadayaka. Chikhoti chigwira moto. Pasanathe mphindi zingapo wagwa kuchokera pawindo la chipinda cham'mwamba. Koma pobwerera kuofesi, ali ndi chigamulo chake kale m'mutima: mtsikanayo sanaphe munthu.

Filimu yoseketsa mwa mtundu umenewu, ya kugwa, kugundana ndi kuphwanya zinthu, anthu ambiri amaiona ngati yapafupi. Amati kodi kugwa kuli ndi luso lanji, mwana wophunzira kuyenda amagwanso. Ine ndikuti kugwa n'kwapafupidi. Luso lili pa kudzuka. Mwaonapo bambo atavala suti yake ya pa Sabata ataterereka m'matope pamsika nyengo ya dzinja? Asanaone ngati wavulala, amayamba wayang'ana uku ndi uku kuti ndani wamuona, kenaka amakonza tayi n'kuyang'ana pansi mokwiya ngati matopewo ndiwo alakwa. Chimene chimatiseketsa ndi kamphindi kameneko, ndipo timaseka chifukwa tonse timakadziwa m'kati mwathu. Clouseau moyo wake wonse amakhala m'kamphindi kameneko. Amalakwitsa chilichonse, koma savomera ngakhale kamodzi kuti ulemu wake wagwa pansi.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Amene anavala chikhoti chija ndi Peter Sellers, Mngelezi wobadwa pa 8 September 1925 ku Southsea, m'dera la Portsmouth. Makolo ake anali azisudzo oyendayenda m'maholo, ndipo iye anakulira kuseri kwa nsanja. Ali mnyamata ankaimba ng'oma m'magulu a nyimbo zovina, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse analowa gulu la nkhondo la m'mlengalenga la Britain, kumene ntchito yake yaikulu inakhala yosangalatsa asilikali anzake. Ndimakondwa kukuuzani kuti kutchuka kwake kunayambira pa chipangizo chomwe mukundimverachi, wailesi. Kuyambira 1951 mpaka 1960, wailesi ya BBC inkaulutsa sewero loseketsa lotchedwa The Goon Show, mmene Sellers ankasewera limodzi ndi Spike Milligan ndi Harry Secombe. Pa wailesi palibe amene amaona nkhope yako, ndiye Sellers ankasintha mawu, n'kukhala anthu angapo m'sewero limodzi: nkhalamba, msilikali wamantha, kamnyamata ka mawu opyapyala, tambwali wolankhula mwaulemu. Anali munthu woyamba ndi mawu. Akapeza mmene munthu amalankhulira, mayendedwe ndi nkhope zinkabwera pambuyo.

Chodabwitsa n'chakuti mbali ya Clouseau sinalembedwere iye. Filimu yoyamba mmene wapolisiyu anaonekera ndi The Pink Panther, imene inajambulidwa ku Italy n'kutuluka kumapeto kwa 1963. Dayilekitala wake anali Blake Edwards wa ku America, amene analemba nkhaniyo pamodzi ndi Maurice Richlin. Mwini filimu weniweni, amene dzina lake linali pamwamba, anali David Niven, yemwe ankasewera ngati Sir Charles Lytton, bwana waulemu masana koma mbala ya miyala yamtengo wapatali usiku, yosiya golovesi yoyera paliponse pamene yaba. Wapolisi womusaka anayenera kukhala Peter Ustinov, ndipo mkazi wa wapolisiyo anayenera kukhala Ava Gardner. Gardner anachoka, Ustinov nayenso anachoka kutatsala nthawi yochepa kuti ayambe kujambula. Sellers anabwera ngati wongotseka dzenje.

Atakumana ku Rome, Edwards ndi Sellers anapeza kuti onse awiri amakonda kwambiri Stan Laurel ndi Oliver Hardy, akatswiri a nthabwala za kugwa a zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Apo m'pomwe wapolisi wamba wa papepala anayamba kusanduka Clouseau. Edwards anali mwana wa m'nyumba ya mafilimu, ndipo agogo ake omupeza, J. Gordon Edwards, ankajambula mafilimu a nthawi ija mafilimu asanayambe kulankhula. Iye ankanenanso kuti anaphunzira zambiri kwa Leo McCarey, munthu amene anathandiza kuumba Laurel ndi Hardy ngati awiri oyenda limodzi. Phunziro lake linali lakuti nthabwala imodzi usaisiye msanga: anthu akaseka, wonjezera ina pamwamba pake, ndipo akaganiza kuti zatha, bweretsa yachitatu yoposa zonse.

Mwina ena mukudabwa kuti nanga kanyama kapinki ka m'makatuni kaja kakulowa pati. M'filimu ya 1963, Pink Panther ndi dzina la mwala wa dayamondi wa mwana wamkazi wa mfumu, Dala, amene anaseweredwa ndi Claudia Cardinale. Mwalawo uli ndi kachilema m'kati, ndipo ukakayang'anitsitsa kamaoneka ngati kambuku amene akudumpha. Kanyama ka katuni kanajambulidwa ndi kampani ya David DePatie ndi Friz Freleng kuti kangosangalatsa anthu pamene mayina akudutsa koyambirira kwa filimu. Anthu anakakonda kwambiri moti kanapatsidwa makatuni akeake, ndipo yoyamba, The Pink Phink ya 1964, inapata mphotho ya Oscar.

M'filimu yoyambayi Clouseau ndi munthu womvetsa chisoni kuposa mmene ambiri amakumbukirira. Mkazi wake, Simone, ndi chibwenzi cha mbala yomwe iye akuisaka, ndipo ndi amene amaithandiza kuba. Aliyense woonera akudziwa, iye yekha ndiye sakudziwa. Amamukonda mkaziyo ndi mtima wonse, amamuimbira vayolini pabedi moipa kwambiri, amadzuka usiku kukamutengera mkaka. Muli kachigawo kena kotchuka: ali muofesi, azunguza mpira uja wa mapu a dziko lonse, ayankhula mawu amphamvu a momwe agwirire mbalayo, kenaka atsamira pa mpirawo ukadazungulira, n'kupezeka ali pansi. Pomaliza anthu ochenjera aja amutchera msampha, dayamondi ipezeka m'thumba mwake m'khoti momwe, ndipo wopita kundende akhala iye. Oonera atatuluka m'maholo, dzina limene linali pakamwa pawo silinali la Niven. Linali la wapolisi wogwa uja.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

A Shot in the Dark nayonso sinayambe ngati nkhani ya Clouseau. Gwero lake ndi sewero la pansanja la Chifalansa, L'Idiote, lolembedwa ndi Marcel Achard, limene Harry Kurnitz analikonzanso m'Chingelezi n'kulionetsa ku New York mu 1961. Kampani ya Mirisch inafuna kulisandutsa filimu, Sellers ali m'kati, koma iye sanakhutire ndi mmene linalembedwera. Anaitana Blake Edwards, amene anavomera pokhapokha ataloledwa kulowetsamo Clouseau. Analilembanso pamodzi ndi William Peter Blatty, yemwe patapita zaka analemba buku loopsa lija la The Exorcist. Filimuyi inatuluka ku America mu June 1964, patangotha miyezi itatu The Pink Panther itaonetsedwa kumeneko. Mulibe dayamondi, mulibe kanyama kapinki, komabe ambiri okonda mafilimuwa, ine ndili m'gulu lawo, amati iyi ndiyo yoposa zonse.

Ndikufuna tikhalitse pa chigawo chimodzi kuti muone mmene ntchitoyi imapangidwira. Clouseau wabwerera kwa Ballon kukamufunsa mafunso, ndipo amupeza akusewera biliyadi, masewera ofanana ndi pool. Ballon akuseweredwa ndi George Sanders, mkulu wa mawu ozama ndi nkhope yosatekeseka, amene anali atapata kale Oscar ndi filimu ya All About Eve. Ballon amupempha wapolisi kuti asewere naye. Munthu wanzeru akanati pepani, sindidziwa. Clouseau sanganene mawu amenewo, ndiye avomera ngati katswiri. Ipezeka m'manja mwake ndodo yokhota. Ayesa kumenya mpira, aphonya. Akuyesabe, kwinaku akumuuza mwini nyumba maso ndi maso kuti akumuganizira kuti ndiye wakupha. Amenyanso mwamphamvu, nsonga ya ndodo ilowa m'nsalu yobiriwira ya patebulo n'kuing'amba. Apa anthu aseka, ndipo dayilekitala wina akanadula pomwepa. Edwards sadula. Clouseau apita kukabweza ndodo pa choikamo chake, ndodo zonse zigwa, azigwira izi, zipulumuka izo, mpaka alimbana nazo pansi ngati akulimbana ndi munthu. Adzuka, akonza chikhoti, atsazika mwaulemu, atembenuka kuti atuluke, n'kulowa kuseri kwa chitseko m'malo mwa pakhomo, mphuno pakhoma. Ndipo potuluka, mlandu aupereka kwa amene anamanga nyumbayo.

Onani zinthu ziwiri pamenepa. Choyamba, kamera imaima patali ndipo siidukizaduka. Timaona thupi lonse la munthu, tebulo, ndodo ndi chitseko nthawi imodzi, ndiye ngozi timaiona ikubwera iye asanaione. Theka la kuseka kwathu ndi kudikira. Mafilimu ambiri a masiku ano amadula chithunzi pafupipafupi, ndipo kugwa kukachitika sudziwa kuti munthu wachokera pati. Edwards ankadziwa kuti woonera ayenera kudziwa pamene pali chilichonse m'chipindamo, monga mmene Buster Keaton ndi Charlie Chaplin ankachitira kalelo. Chachiwiri, yang'anani George Sanders. Saseka, sakwiya, amangoyang'ana chuma chake chikuonongeka ndi nkhope ya munthu woleredwa bwino amene sakufuna kuchititsa mlendo manyazi. Akanaseka iye, ife sitikanaseka. Nthabwala yamtunduwu imafuna munthu mmodzi wamutu wabwino woima pambali.

Kuseri kwa zimenezi kuli kuwerengera kosamalitsa. Ndodo iyenera kugwa pa nthawi yake, chitseko chiyenera kutseguka mbali yoyenera, wosewera ayenera kudziwa pamene phazi lake litere popanda kuyang'ana pansi. Kuti munthu aoneke wosadziwa kuyenda, ayenera kukhala wodziwa kuyenda kuposa tonsefe.

Nkhani ikamapita, mitembo ichuluka. Clouseau atulutsa Maria m'chitokosi kuti amutsatire mobisa, poganiza kuti akamufikitsa kwa wakupha weniweni. Adzisandutsa wogulitsa mabaluni pakhomo pa ndende, apolisi anzake amugwira chifukwa alibe laisensi yogulitsira malonda. Ulendo wina adzisandutsa wojambula zithunzi m'mbali mwa msewu, amugwiranso. Ulendo wina mlenje, chimodzimodzi. Nthawi iliyonse timangoona galimoto ya apolisi ikuthamanga m'misewu ya Paris, belu lake likulira, ndipo pofika kachitatu kulira kokhako n'kokwanira kutigwetsa ndi phwete. Uku Maria akupezekanso pafupi ndi mtembo wina, wa wosamalira maluwa, chodulira maluwa chamagazi chili m'manja. Wina afera kumsasa wa anthu okonda kukhala osavala, kumene Clouseau akakamizika kuvula n'kudzitchinga ndi gitala. Wina apezeka m'nyumba mwa Ballon momwe. Anthu anayi afa, ndipo paliponse Maria ali pomwepo. Womuthandiza Clouseau, Hercule, amene akuseweredwa ndi Graham Stark, amuwerengera umboni wonse modekha n'kunena zoonekeratu. Clouseau amukalipira.

Pano m'pamene filimuyi imandigwira mtima. Chifukwa chimene Clouseau akukanira kuti Maria ndi wolakwa si nzeru. Wamukonda basi, kuyambira pomwe anamuona. Wapolisi weniweni akatero, tinganene kuti ndi woopsa, ndipo tingakhale tikunena zoona. Koma taonani mbali inayo. Maria, amene akuseweredwa ndi Elke Sommer wa ku Germany, ndi wantchito wa m'nyumba ya anthu olemera. Onse anzeru, kuyambira mkulu wa apolisi mpaka mwini nyumba, akonzeka kutseka faelo chifukwa wopezeka ndi mfuti ndi munthu wosavuta kumumanga. Munthu mmodzi yekha ndiye akukana, ndipo ndi chitsiru cha mu dipatimenti. Kumapeto Clouseau asonkhanitsa onse a m'nyumbamo m'chipinda chochezera, monga amachitira apolisi a m'mabuku a Agatha Christie, ngati kuti akudziwa wakupha, pamene sakudziwa kanthu. Awaponda mapazi, agwa pampando, asokoneza mafunso ake omwe. Koma anthu aja, poopa kuti mwina akudziwadi, ayamba kulozana zala ndi kuululana. Zidziwika kuti ena mwa iwo anapha, ena ankaopseza anzawo kuti awapatse ndalama posunga chinsinsi. Wosalakwa m'nyumba monsemo ndi Maria. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Tsopano tikambe za munthu amene ndimamuona kuti ndiye msana wa filimuyi, bwana wa Clouseau, Charles Dreyfus. Anamusewera ndi Herbert Lom, wobadwira ku Prague mu 1917, amene asanafike apa ankadziwika ndi mbali zolemera, zosaseketsa. Dreyfus akuyamba ngati munthu wabwinobwino, wodziwa ntchito, ndipo zonse zimene akunena za Clouseau n'zoona. Amuchotsa pa mlanduwo, koma akuluakulu apamwamba alamula kuti abwezeretsedwe. Kuyambira pamenepo Dreyfus ayamba kudyeka m'kati. Diso lake liyamba kuphethira lokha. Akamva dzina la Clouseau, manja ake sagwira bwino: adzidula chala ndi kachipangizo kodulira fodya, adzibaya ndi mpeni wotsegulira makalata. Mwaona chimene chachitika? Wayamba kuchita ngozi zofanana ndi za munthu amene amadana naye.

Kenaka nthabwala iyamba kuda. Usiku wina Clouseau atenga Maria kukacheza m'malo achisangalalo, ndipo munthu wina wobisala, wovala magolovesi akuda, akumutsatira kuti amuphe. Kanayi konse ayesa, kanayi konse Clouseau awerama kapena asuntha mwangozi, n'kufa munthu wina wosalakwa. Iye sakudziwa n'komwe. Wobisalayo ndi Dreyfus. Pomaliza atchera bomba m'galimoto ya Clouseau, koma magetsi atazima m'chipinda chochezera chija, olowa m'galimotoyo pothawa ndi akupha aja, ndipo iphulika nawo. Mkulu wa apolisi, munthu wanzeru uja, wapha anthu ochuluka kuposa zigawenga zonse za m'nyumba ya Ballon, chifukwa cholephera kupirira chitsiru chimodzi. Aliyense amene anagwirapo ntchito ndi munthu wosatha ntchito koma wokondedwa ndi mwayi amamumvetsa Dreyfus, ndipo n'chifukwa chake kumuseka kumawawa pang'ono.

Muli munthu winanso amene anayambira m'filimu yomweyi, wantchito wa kunyumba kwa Clouseau, Kato, amene m'mafilimu otsatira dzina lake linkalembedwa Cato. Bwana wake anamulamula kuti azimuukira nthawi iliyonse imene sakuyembekezera, kuti akhale watcheru. Ndiye Clouseau akafika kunyumba usiku, amalowa monyang'ama m'nyumba yake yomwe. Amenyana, mipando ithyoka, koma foni ikangolira, Kato amasiya nkhondo n'kuyankha mwaulemu wonse ngati wantchito wabwino. Anamusewera ndi Burt Kwouk, wobadwira ku Warrington ku England mu 1930 n'kukulira ku Shanghai.

Apa ndiyenera kunena mosabisa, chifukwa kukonda chinthu sikutseka maso. M'mafilimu otsatira, Clouseau amamutchula Cato ndi mawu onyoza khungu la anthu a ku Asia, ndipo mbali yonseyo inamangidwa pa chithunzi chimene azungu a nthawi imeneyo anali nacho cha Mtchaina wantchito wodziwa nkhonya. Mu 1968, Edwards ndi Sellers anapanganso The Party, mmene Sellers anadzipaka nkhope kuti aoneke ngati Mmwenye. Ena amati wonyozeka weniweni ndi Clouseau mwini, poti ndiye mbuli. Mwina n'zoona pang'ono, koma ife a ku Africa tikudziwa mmene zimamvekera mtundu wako ukakhala choseketsa m'filimu ya eni ake, ndipo sindingakuuzeni kuti zimenezo n'zopanda kanthu. Mukamaonera ndi ana, ndi bwino kuwauza kuti mawu amenewo ndi achipongwe. Luso la Burt Kwouk lokha ndiye silikayikitsa, ndipo anagwira ntchito m'mafilimu ndi pa TV ku Britain kwa zaka zambiri mpaka anamwalira mu 2016.

Anthu awiri amene anatipatsa chisangalalo chonsechi sankamvana. Sellers anali munthu wovuta kugwira naye ntchito, wosinthasintha mtima, ndipo pomaliza kujambula A Shot in the Dark iye ndi Edwards anali atasiya kulankhulana bwinobwino. Chaka chomwecho cha 1964, chimene Sellers anaonekanso m'filimu ya Stanley Kubrick ya Dr. Strangelove akusewera anthu atatu osiyana, anadwala mtima koopsa mu April ali ndi zaka 38 zokha, ndipo anatsala pang'ono kufa. Mtima wakewo sunachirenso kwenikweni. Mu 1968 kampani inayesa kupanga filimu ya Clouseau popanda awiriwa, Alan Arkin atavala chikhoti chija, koma anthu sanailandire. Panapita zaka 11 kuti Edwards ndi Sellers abwererenso kwa wapolisi wawo, pa nthawi imene onse awiri zinthu sizinkawayendera. The Return of the Pink Panther inatuluka mu 1975 ndipo inapanga ndalama zambiri, kenaka The Pink Panther Strikes Again mu 1976, ndi Revenge of the Pink Panther mu 1978.

Mafilimu a m'ma 1970 amenewa ndi amene anthu ambiri anaonera, ndipo muli zigawo zoseketsa zedi. Koma kwa ine, china chake chinatayika. Kalankhulidwe ka Clouseau kanapotoka kwambiri moti ngakhale Afalansa anzake a m'filimumo samumva, zovala zodzibisira zinachuluka, kuphulika kunakula, Dreyfus anasanduka wamisala wofuna kuopseza dziko lonse. Clouseau wa 1964 anali munthu amene ungakumane naye muofesi ya boma, wongofuna kuti anthu amulemekeze. Wa 1978 anayandikira kwa katuni. Sellers mwini mtima wake unali pa ntchito ina, filimu yofatsa ya Being There ya 1979, mmene anasewera wosamalira maluwa wosadziwa za dziko amene anthu akuluakulu a ku Washington amamutenga ngati wanzeru zakuya. Inamufikitsa pa mndandanda wa opikisana pa Oscar. Anamwalira ku London pa 24 July 1980 ndi nthenda ya mtima, ali ndi zaka 54.

Zimene zinachitika pambuyo pake n'zosakondweretsa. Mu 1982 Edwards anatulutsa Trail of the Pink Panther, yosokedwa kuchokera ku zidutswa za Sellers zimene zinatsala pojambula mafilimu akale. Mkazi wamasiye wa Sellers, Lynne Frederick, anakasuma kukhoti ku London ponena kuti zidutswazo zinagwiritsidwa ntchito popanda chilolezo, ndipo anapambana, khoti n'kulamula kuti alipidwe ndalama zokwana pafupifupi madola 1 miliyoni. Ena anayesanso kudzaza malowo: Roberto Benigni wa ku Italy anasewera ngati mwana wa Clouseau mu 1993, ndipo Steve Martin anavala chipewa chija mu 2006 ndi 2009. Onsewa ndi akatswiri, ndipo kugwa amagwa bwino. Chimene chimasowa ndi maso aja a Sellers akangodzuka, maso a munthu amene pansi pa mtima akudziwa kuti wachita manyazi koma walumbira kuti wina asazindikire. Inu amene mumakonda Mr Bean kapena Johnny English wa Rowan Atkinson, mukaonera Clouseau mudzazindikira msanga kuti ndi anthu a mtundu umodzi.

Mukafuna kuyamba, yambani ndi A Shot in the Dark. Chigawo cha biliyadi chija muchionere kawiri. Ulendo woyamba yang'anani Sellers. Ulendo wachiwiri musamuyang'ane n'komwe, maso anu akhale pa George Sanders.

Nthawi yathu yatha, okondedwa omvera, ndipo tikusiyani ndi nyimbo imene ambiri mumaidziwa ngakhale simunaonepo filimu ndi imodzi yomwe mwa amenewa. Anaipeka ndi Henry Mancini, amene anagwira ntchito ndi Blake Edwards kwa zaka zoposa 30. Anaipekera The Pink Panther ya 1963, inapata mphotho za Grammy, ndipo amene akuliza sakisofoni ndi Plas Johnson wa ku Louisiana, yemwe Mancini ankamuganizira kale pamene ankailemba. Mvetserani mmene ikuyendera, pang'onopang'ono, ngati munthu wonyang'ama m'khonde usiku. 

(NYIMBO YA HENRY MANCINI IKWERE MPAKA KUMAPETO)